Gogo Cartland ndi Fakitale Yawo ya Chikondi

Tiwavulire chipewa gogo Barbara Cartland a ku England, amene anabadwa mu 1901 n'kutisiya mu 2000 ali ndi zaka 98. Achinyamata a pa WhatsApp sawadziwa, koma mayiwa analemba mabuku 723, ndipo chaka china analemba 23. Enafe kalata imodzi yokha yofunsira mbeta inkatitengera mwezi wathunthu.

Ambiri mwa mabukuwo sanawalembe ndi dzanja lawo. Ankangogona pa sofa, kagalu kali pambali, n'kumayankhula, sekilitale akulemba. Nkhani inali yomweyomweyo: namwali wodzisunga, mwamuna wachuma wouma mtima, kamkangano pang'ono, kenako ukwati patsamba lomaliza. Zimene zimachitika alendo a paukwati akabalalika gogowo sankazilemba, ngakhale ankazidziwa bwino: banja lawo loyamba linatha, kenako anakwatiwa ndi msuweni wa mwamuna woyambayo.

Akadaulo a zolembalemba ankawaseka, iwo ndi madiresi awo apinki omwe, koma owerenga ankagulabe mabukuwo miyandamiyanda. Komanso chikondicho sichinali cha papepala pokha. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anasonkhanitsa madiresi a ukwati kuti atsikana a usilikali azibwereka pokwatiwa.

Atamwalira, kunapezeka mabuku ena 160 osasindikiza, ndipo anayamba kutuluka limodzilimodzi. Tangoganizani: munthu ali m'manda, koma akuposabe alembi ena amoyo amene chaka chilichonse amatilonjeza kuti buku lawo latsala pang'ono.