Buku la M'khwapa

Pakati pa miyambo yonse imene anthu a m'tauni adzipangira okha, imene makolo athu sanaidziwe ndipo akadaiona akadagwira pakamwa, palibe wina wondisangalatsa koposa mwambo wofunsana za mabuku. Kale munthu akakumana ndi mnzake panjira ankafunsa za kunyumba, za ana, za mvula ndi za kumunda, ndipo yankho lake silinkavuta, pakuti aliyense amadziwa ngati mwana wake wagona ndi malungo kapena ayi, koma lero, pakati pa anthu a nsapato zopukutidwa, malonje akangotha pamatsata funso lina loopsa, lakuti, "Kodi mukuwerenga chiyani masiku ano?" Ndipo taonani, munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zake ndi zidzukulu zake, amene sananamepo ngakhale pabwalo la milandu, amayamba kutuluka thukuta, nayang'ana kumwamba monga wopempha chithandizo, kenaka n'kutchula dzina la buku limene analiona dzana pawindo la sitolo.

Mumzinda wa Zomba, umene unali likulu la dziko lino kufikira chaka cha 1975, ndi kumene ngakhale mayi wogulitsa nthochi pamsika amanenerera mtengo mwa maphunziro chifukwa choyandikana ndi yunivesite ya ku Chirunga, muli kabungwe ka anthu owerenga, kamene kamakumana Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse pakhonde la aphunzitsi akulu ena amene anapuma ntchito kalekale, amenenso ndiwo apampando ake. Lamulo la kabungweko ndi limodzi lokha: kuti aliyense aimirire pa nthawi yake, atchule buku limene akuwerenga, ndi kunena mmene lamukhudzira mtima. Pambuyo pake pamabwera tiyi wamkaka ndi zitumbuwa, zimene anthu a pakamwa poipa amati ndizo maziko enieni a bungwelo, pakuti mwezi umene mayi a panyumbapo anapita kumaliro ku Ntcheu, chikondi cha mabuku chinazirala mwadzidzidzi mumzinda monse, ndipo mipando yambiri inakhala yopanda eni ake.

Oyamba kuimirira nthawi zonse amakhala bambo ena, akalaliki a mu ofesi ina, amene mzinda wonse umawadziwa ndi buku lawo lalikulu la War and Peace, lolembedwa ndi Leo Tolstoy wa ku Russia, buku la masamba oposa chikwi, limene iwo amalipana m'khwapa m'mawa popita ku ntchito ndi madzulo pobwerera, kaya kuli dzuwa kaya kuli mvula, kotero kuti chikuto chake chinasintha mtundu chifukwa cha thukuta, pamene masamba a m'kati akadali oyera mbee, osadziwa chala cha munthu. Atafunsidwa maganizo awo, anakonza kukhosi nati, "Zikomo apampando. Bukuli n'lozama kwambiri, ndipo mlembi wake analigawa mwanzeru: theka loyamba ndi nkhondo, theka lachiwiri ndi mtendere. Ine pakali pano ndikadali kunkhondo." Onse anagwedeza mitu mwachifundo, monga ayenera kuchitira munthu amene ali pankhondo, ndipo wina atafunsa ngati Napoleon walowa kale mu Moscow, akalaliki anayankha modekha kuti iwo analeredwa bwino, sakonda kuululira anzawo nkhani asanaiwerenge okha.

Tsono apa ndi pamene munthu amakumbukira Legson Kayira, amene ananyamuka kwawo kumpoto m'chaka cha 1958, wapansi, kufunafuna sukulu ya ku America, atanyamula Baibulo ndi buku la John Bunyan la ulendo wa Mkhristu, nayenda nawo zaka ziwiri kufikira ku Khartoum, nawawerenga ndithu panjira, ndipo pambuyo pake analemba buku lakelake lotchedwa I Will Try. Akalaliki athu, tikaphatikiza maulendo awo onse a pakati pa Chinamwali ndi ofesi, mtunda wa Kayira ayenera kuti anaupitirira kale. Koma Tolstoy sanapatsidwebe mpata wonena nawo ngakhale liwu limodzi.

Wotsatira anali mnyamata wa tayi wofiira, amene sawerenga nthano chifukwa, monga amanenera mwini wake, nthano sizidyetsa. Iye mabuku ake ndi a chuma okhaokha, aja amayalidwa pansi m'mphepete mwa msewu pafupi ndi ogulitsa malamba, ndipo mwezi umenewo anali pa Rich Dad Poor Dad la Robert Kiyosaki. Anatilalikira nthawi yaitali, manja ali m'mwamba, kuti umphawi wa dziko lino uli m'mutu, kuti munthu wanzeru sagwirira ntchito ndalama koma ndalama ndizo zimamugwirira ntchito, ndi kuti ife tonse okhala pakhondepo, pamodzi ndi apampando amene anaphunzitsa ana a anthu moyo wawo wonse, tinasochera kuyambira pa ubwana. Tinamva manyazi ndithu. Koma msonkhano utatha, anthu akutsanzikana, mnyamata yemweyo anakokera pambali mkulu wina namunong'oneza kuti, "Amalume, mungandithandizeko ya minibasi? Ndalama zanga zonse zili pa ntchito."

Mayi ena olemekezeka, a chitenje chowala ndi duku lalitali, ali ndi njira yawoyawo yowerengera, imene amaiteteza popanda mantha. Iwo buku amayambira ku tsamba lomaliza, kuti aone ngati mnyamata ndi mtsikana akwatirana; akapeza kuti akwatirana, amati palibenso chifukwa chodzivutitsira ndi mavuto amene atha kale, ndipo akapeza kuti sanakwatirane, amati mlembiyo ndi wouma mtima, sayenera kupatsidwa nthawi ya munthu. Mwa njira imeneyi amatsiriza mabuku ambiri pa mwezi kuposa wina aliyense m'bungwemo. Pamene apampando anawapatsa Mkwatibwi Wokhumudwa, buku la P. P. Litete limene ambiri a ife tinakula nalo, mayiwo anangoona dzina lokha nalibweza msanga atagwira kunsonga, nati, "Pepani aphunzitsi, mwana wanga wamkazi ukwati wake uli pafupi, zimenezi m'nyumba mwanga zisalowe, angatichitire malodza."

Nanga ndinene chiyani za akulu a mpingo ena, amene buku lawo limakhala lokutidwa bwino ndi pepala la khaki, ndipo amati ndi buku lofotokoza za mphotho ya uchimo? Sananame kwenikweni, pakuti tsiku lina mphepo ya kuphiri itakupiza pepala lija, tonse tinaona dzina la James Hadley Chase pamodzi ndi chithunzi cha dona wonyamula mfuti, amene telala wake anaoneka kuti nsalu inamuthera. Akuluwo sanatekeseke, koma anatiuza ndi nkhope ya chisoni kuti mbusa amene sadziwa mayendedwe a fisi sangathe kutchinjiriza nkhosa. Komabe chilungamo chinenedwe: mwa onse amene anali ataimirira kufikira nthawi imeneyo, iwo okha ndiwo ankadziwa dzina la munthu aliyense wa m'buku lawo, ndi amene anapha mnzake, ndi chifukwa chake.

Pali chinthu chinanso chimene mlendo angadabwe nacho pa misonkhano yotere, ndicho chakuti palibe munthu amene amawerenga buku koyamba. Aliyense "akulibwerezanso," pakuti kuvomera kuti Shakespeare ukukumana naye lero kuli ngati kuulula kuti kusukulu unkangokhalira kusesa. Ndiponso palibe amene amawerenga buku limodzi. Aliyense ali ndi asanu pamutu pa bedi, lina la m'mawa, lina la madzulo, lina la pa Sabata, ndipo onsewo anaima pa tsamba lachisanu ndi chiwiri, pamene tulo tinamupezera mwini wake. Akale anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Koma pusi wa m'tauni akagwa amadzuka, nasasa fumbi, nanena kuti kugwako kunali kufufuza.

Koma tsiku limene bungwe lathu silidzaliiwala ndi limene anaimirira bwana wina amene anakhalako kunja miyezi ingapo, ndipo chibwerere chake Chichewa chimamuvuta pakakhala anthu, ngakhale kuti akapsa mtima ndi wantchito wake chimabwerera chonse ndi miyambi yomwe. Bwanayo ananena mosabisa kuti mabuku a Chichewa ndi a ana a pulayimale, ndi kuti munthu wozindikira ayenera kudya zochokera kutali. Ndipo potsimikiza mawu ake anatulutsa buku lakale lotchedwa Man of Africa, losindikizidwa ku London m'chaka cha 1934, limene anati analigula ndi ndalama zambiri, ndipo analiyamikira kuti nzeru zotere kuno sizingamere.

Kumapeto kwa khonde kunali atakhala pansi madala ena, alonda a panyumbapo, amene anafika msanga kudikira kuti kude, chibonga ndi tochi zili pambali. Iwowa anakhosomola pang'ono, naomba m'manja mwaulemu, nati, "Wawa bwana, mundikhululukire ine wosaphunzira, khutu silisankha mawu. Kodi munthu wa m'buku lanulo si uja anavutitsa amake pa ubwana, nakula ndi kuba, napita kukagwira ntchito kutali, pambuyo pake n'kulongedwa ufumu ndi kutembenuka mtima?" Bwana anavomera ndi mutu, pakuti zimenezo anali atazimvako kwa amene anamugulitsa bukulo. "Ameneyo, bwana, ndi Nthondo," anatero madalawo. "Analemba ndi a Samuel Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, m'Chichewa chathu chomwechi, ndipo linapata mphotho pa mpikisano wa mabuku a zinenero za mu Africa; a Cullen Young ndiwo analitembenuzira m'Chingerezi kuti azungu alaweko. Langa lili m'thumbamu, koma chikuto chinadyedwa ndi chiswe."

Pakhonde panagwa bata lalikulu, lakuti munthu akadamva nyerere ikuyenda. Bwana, pofuna kudzipulumutsa, anathawira ku Nigeria, nayamba kutamanda Chinua Achebe ndi buku lake la Things Fall Apart la 1958, nanena kuti chimene chimamukhudza mtima koposa ndi mmene Okonkwo analapira pa mapeto nakhala mkulu wa mpingo. Madala aja anaweramitsa mutu, monga munthu amene sakufuna kumenya nkhuku yomweyo kawiri, koma choonadi chinawakakamiza, nati, "Pepaninso bwana, kapena la Chingerezi limatha mwina, koma limene a Benedicto Malunga anatimasulira, lotchedwa Chipasupasu, Okonkwo anadzimangirira." Anafotokozanso kuti usiku ndi wautali kwa mlonda, ndi kuti mdzukulu wawo amawabwerekera mabuku ku laibulale, ndipo iwo amawerenga limodzi kufikira litatha asanapemphe lina, popeza alibe shelefu yoonetsera alendo. Apampando, amene anali asanaseke chiyambire chaka, anachotsa magalasi napukuta misozi, nanena mawu amodzi okha, akuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndipo analamula kuti madalawo apatsidwe mpando ndi kapu ya tiyi, zimene zinakhumudwitsa ena, makamaka chifukwa zitumbuwa zinali zowerengeka.

Msonkhano uliwonse umatha ndi mwambo wobwerekana mabuku, umene uli wachisoni kuposa maliro, pakuti pamaliro pamakhala chiyembekezo cha kuuka, koma buku lobwerekedwa m'tauni silidzaonekanso kufikira tsiku lachiweruzo. Wobwereka amalumbira kuti alibweza Lachisanu. Lachisanu likafika amati alamu ake analitenga. Mwezi ukatha amati alamuwo anasamukira ku Mzuzu. Ndipo chaka chikatha amakuyang'ana m'maso nakufunsa ngati unali iwe kapena munthu wina amene anamubwereka. Likachita mwayi n'kubwerera, limadza lopanda masamba a kumapeto, lonunkha utsi ndi mafuta a nsomba, mwana atajambulamo galimoto. Ndipo masamba osowawo udzawapeza pamsika, atakulunga mtedza wokazinga, kotero kuti pali anthu mumzinda muno amene anadziwa mathero a Sikusinja ndi Gwenembe, nthano ya John Gwengwe, chifukwa chogula mtedza. Indetu nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Chimene chatigwera n'chakuti buku talisandutsa chovala, monga tayi, chimene munthu amamanga pakhosi osati chifukwa cha kuzizira koma kuti anthu amuone. Ndipo pochita zimenezi tadzimana tokha chakudya chimene a Ntara, a Chadza, a Gwengwe, a Zingani ndi a Ntaba anatiphikira ndi thukuta lawo m'chinenero chimene tinayamwa. Mdindo uja wa ku Itiyopiya, amene Filipo anamupeza akuwerenga pagaleta, anali munthu wamkulu wosunga chuma cha mfumukazi, komabe sanachite manyazi kuvomera kuti sakumva zimene akuwerenga, ndipo chifukwa cha kudzichepetsa kwakeko anathandizidwa; ife tikadakhala pagaletapo tikadamuuza Filipo kuti tikungobwereza.

Chotero, abale ndi alongo a m'tauni, wina akadzakufunsani chimene mukuwerenga masiku ano, ndipo inu simukuwerenga kanthu, nenani poyera kuti simukuwerenga kanthu, pakuti palibe munthu anamangidwapo chifukwa cha mlandu umenewo. Kenaka pitani kunyumba, tsitsani buku limodzi mwa asanu aja, muliwerenge kuyambira tsamba loyamba kufikira lomaliza. Ndipo ngati mupeza kuti pachikuto palembedwa dzina la munthu wina, mukatsiriza mukabweze kwa mwini wake.