Maso a nkhono pa mamilimita 600

Akuluakulu amene adati kuona maso a nkhono n'kudekha analibe mlamu wogwira ntchito ku Joni. Akadakhala naye, akadadziwa kuti kunja kuno kuli anthu okhulupirira kuti kudekha kumagulitsidwa m'sitolo, amakukulungira m'katoni n'kukupatsa lisiti.

Mwambiwu sudangopekedwa. Maso a nkhono ndi timadontho takuda tili kunsonga kwa tinyanga take tiwiri titalitali. Ukangoikhudza, kapena kugwedeza tsamba limene yakhalapo, imameza tinyangato n'kulowa m'chigoba. Wofuna kuwaona akhale pansi, atseke pakamwa, adikire. Pa zitatuzi palibe chimene mlamu wanga amachitha.

Ndiye pobwera ku Khirisimasi adatsika basi atakumbatira lenzi ya zumu ya 150-600mm, yogula kwa munthu koma yowala ngati yatsopano. Malenzi a msinkhu umenewu adayamba kutuluka m'makampani a ku Japan cha mu 2013 ndi 2014, ndipo adatchuka chifukwa munthu wa malipiro a pamwezi ankatha kuwafikira, kusiyana ndi zimalenzi zija timaziona m'mbali mwa bwalo pa mpira wa ku Ulaya. Masamu ake ndi okopa ndithu. Lenzi wamba ya 50mm imaonetsa zinthu pafupifupi momwe diso limazionera, pomwe pa 600mm chinthu chimakula ka 12. Mbidzi yoima pa mamita 120 imaoneka ngati ili pa mamita 10.

"Alamu," adatero akupukuta galasilo ndi kansalu kake kapadera, koletsedwa kupukutira china chilichonse, "ndi ichi zonyang'ama zatha. Nyama imabwera yokha."

Kokayesera adasankha ku Nyika, nkhalango yosungirako nyama yaikulu kuposa zonse m'Malawi muno. Kuchoka pa boma la Rumphi mumadutsa ku Bolero, kwa a Chikulamayembe, n'kuyenda makilomita opitirira 50 kuti mufike pa geti la Thazima, pomwe palinso likulu la paki. Ine adandipatsa udindo wa wachiwiri kwa wojambula, umene nditafika ndidaupeza kuti ndi wonyamula katundu. Chipangizochi chimalemera pafupifupi makilogalamu 2 pachokha, kamera isanamangiriridwe. M'chikwama sichioneka kulemera. Chikwezeni kumaso n'kuchigwira osagwedera kwa mphindi imodzi, muona kuti mikono yanu idazolowera foni.

Tili pa geti kulembetsa mayina, mlamu adachitulutsa n'kuchipotokola mpaka chidatalika kufika kumapeto. Bambo wina wachikulire amene ankadikira matola a ku Nthalire, poti msewu wopita kumeneko ndi ku Chitipa umadutsa m'paki momwemo, adachiyang'ana kuyambira kuno mpaka uko.

"Adada, zimenezi a gemu amalola? Zipolopolo zake mumaika pati?"

Mlamu adaseka mokondwa, poti kwa mwini lenzi yaitali palibe chiyamikiro choposa chimenechi.

Phunziro loyamba lidabwera tisanapite patali. Dera la Thazima si lija la udzu wokhawokha limene mumaliona pa makalendala. Ndi nkhalango ya miombo ndi misuku, ndipo mu Disembala masuku amakhala ali mbwee pansi. Anyani adadutsa msewu, wamkulu wawo n'kukhala pa chitsa kumadya suku mosatekeseka, ngati wauzidwa kuti kukubwera wojambula. Ine ndinkamuona bwinobwino ndi maso a chibadwidwe. Mlamu, diso lili pa kamera, ankangofunsa kuti, "Ali pati? Alamu, ali pati?" Pa 600mm lenzi imaona kadera ka madigiri 4 okha, ndiye kuli ngati kufunafuna munthu pa msika ukusuzumira m'bango. Adaona masamba, makungwa, mtambo, kenaka galasi la m'mbali la galimoto yathu yomwe. Atampeza nyaniyo, fokasi idakagwira kanthambi kamene kadali patsogolo. Chithunzi cha kanthambiko n'chokongola kwambiri, mpaka ndere zake zikuoneka. Kumbuyo kwake kuli chinthu chambuu chimene mlamu amalumbira kuti ndi nyani.

Odziwa amati uyambe pa 150, upeze nyama, kenaka uzikoka pang'onopang'ono. Mawu akuti pang'onopang'ono sadalembedwe pa katoni.

Phunziro lachiwiri ndi limene ogulitsa sanena mokweza: lenzi imene imakulitsa mbidzi ka 12 imakulitsanso kunjenjemera kwa manja ako ka 12. Kupuma kwako, kugunda kwa mtima, injini ya galimoto, mwana kutembenuka kumpando wakumbuyo, zonsezi zimalowa m'chithunzi. Lamulo lakale la ojambula limati pa 600mm shata isatseguke nthawi yoposa 1/600 ya sekondi. Koma kuti shata ithamange chotero pamafunika kuwala kwambiri, ndipo lenzi iyi ikatalika kufika kumapeto khomo lake lolowera kuwala limathera pa f/6.3, lomwe ndi laling'ono. Pansi pa misuku, kumwamba kuli mitambo ya mvula, kamera imayamba kubwereka kuwala kumene kulibe, chithunzi n'kutuluka chamchengamchenga. M'kati mwa lenzi muli kamakina kochepetsa kugwedera, ndipo kamagwiradi ntchito, koma kamagwira dzanja la wojambula lokha. Mbawala sikaiuza kuti iime.

Kuchoka pa Thazima kukafika ku Chelinda ndi makilomita ena pafupifupi 60, kukwera mpaka kupitirira mamita 2,000. Mitengo imatha, dziko n'kutseguka: zitunda za udzu kutsatizana mpaka kumene maso alekezera, ndi nkhalango ya paini imene idabzalidwa m'zaka za m'ma 1950. Kuno ndiye kwawo kwa lenzi yaitali, ndipo tiipatse ulemu wake. Dzuwa litatuluka, chilembwe wina adaima pa chitunda, ndipo pa sikirini tidaona zimene maso sakadaona: nkhope yake yakuda ndi yoyera, makutu aatali okhala ndi tiubweya kunsonga, mizeremizere ya pa nyanga, ngakhale ntchentche pafupi ndi diso. Mlamu adangoti, "Mwaona?" Ndidaona.

Koma pakati pa iwe ndi nyama pali mpweya, ndipo nawonso umajambulidwa. M'mawa ku Nyika kumagwa nkhungu yoti ntchefu yonse, nyama yolemera makilogalamu mazanamazana, imasowa uli kuiyang'ana. Masana dzuwa likawomba, mpweya wofunda umavinavina pamwamba pa udzu, mizere ya mbidzi n'kuoneka yopindikapindika. Galasi ngakhale likhale la ndalama zingati silingawongole zimenezo. Kwatsala kanthawi ka m'mawa nkhungu itangochoka ndi ka madzulo, ndipo kuti ukapeze uyenera kukhala ulipo kale, ukudikira.

Mnyamata wotiperekeza, amene nyamazi amazidziwa ngati abale ake, adangotiuza kuti tizimitse injini, tiike thumba la mpunga pa windo, titsamiritsepo lenzi, tisiye kulankhula. Chipangizo chochokera ku Japan kudzera ku Johannesburg chidapeza mtendere pa mpunga wa ku Karonga umene tidatenga kuti tikaphike. Tidakhala. Mlamu adayang'ana foni, netiweki kulibe. Adayamba nkhani ya mitengo ya zinthu ku Joni, mnyamatayo n'kukweza chala. Tidakhalabe. Ndipo mbidzi zija zidayamba kudya zikubwera, kudya zikubwera, mpaka zidafika poti ngakhale pa 150mm m'chithunzi munkangokwana ntchafu. Mwana kumbuyo adajambula gulu lonse ndi foni ya mayi ake, ndipo chithunzi chimenecho ndi chimene chidayenda pa WhatsApp ya banja.

Njovu sitidazione, ngakhale zilimo. Zina 34 adazibweretsa kuchokera ku Liwonde mu 2017. Ndowe zake zokha tidazijambula, ndipo zidatuluka bwino zedi chifukwa sizithawa.

Pobwerera pa Thazima ndi pamene lenzi idaonetsa khalidwe lake lina, limene sindilikonda. Munthu ukakhala ndi diso lofika patali umayamba kuona anthu ngati mbali ya malo. Mayi wina ankabwera poteropo atasenza beseni la masuku, mwana kumsana, kumbuyo kwake mapiri. Mlamu adakweza chida chake ali m'galimoto. Mayiwo adafika mpaka pa windo, n'kupereka moni wa "monire" mwaulemu wonse, kenaka adafunsa m'Chitumbuka ngati tikiti imene tidalipira pa geti ikuphatikizapo iwonso.

Funsolo n'loseketsa, koma pa Thazima lili ndi mizu. Pakiyi idakhazikitsidwa mu 1965, ndipo mu 1978 boma lidaikulitsa kufika pa masikweya kilomita opitirira 3,000. Midzi idasamutsidwa, anthu zikwizikwi n'kusiya minda ndi manda a makolo awo m'kati mwa malire atsopanowo. Lero ana awo ndi adzukulu amafunika chilolezo kuti akamwete udzu, kufula uchi kapena kutola masuku komwe agogo awo ankalima. Anthu otere aonedwa kale mokwanira kuchokera patali, ndi olemba mapu ndi alendo odutsa pa magalimoto. Kwathu kuno munthu sulowa pakhomo pa mnzako osanena odi, koma lenzi ya 600mm imalowa mpaka m'maso mwa munthu mwini wake ali chikhalire pa mpando. Thomas Dallmeyer wa ku London, amene adalembetsa lenzi yokoka zakutali mu 1891, sindikhulupirira kuti cholinga chake chidali kutipulumutsa ku moni.

Mlamu adatsika, adapereka moni ndi manja awiri, adafunsa za kunyumba, adagula masuku ochuluka kuposa amene tikadatha kudya. Macheza atapsa, mayiwo adati awajambule, koma adikire kaye akonze duku ndi kumupukuta mwana kumaso. Kenaka padabuka vuto lina: adali pafupi kwambiri. Mlamu adachita kubwerera chafutambuyo kuwoloka msewu, mayiwo n'kumafunsa ngati amukhumudwitsa.

Nkhono nayo tidaipeza, poti inali nyengo yake. Idali pa khoma lonyowa pafupi ndi geti, yaikulu bwino, ndipo mlamu adati mwambi uja autsutsa lero lomwe, pamaso pa mboni. Adagwada, adaloza, lenzi n'kumangolira uku ndi uku osagwira kanthu. Malenzi amenewa saona chinthu chimene chili pafupi kuposa mamita pafupifupi 3. Kuti aone maso a nkhono adayenera kuitalikira, n'kukagwada m'matope chapatali, zigongono pa mawondo. Apo n'kuti ana amene adasonkhana kudzaonerera ataigunda kale ndi kamtengo kuti ayithandize kuyang'ana ku kamera, ndiye idalowa m'chigoba. Bambo wa matola uja adali asanapezebe galimoto, ndipo adabwera kudzaima pambali.

"Musatekeseke adada, ituluka. Koma siuzidwa nthawi."

Idatuluka miyendo ya mlamu itachita dzanzi. Chithunzicho chilipo, ndipo timadontho tiwiri takuda tikuoneka bwino lomwe kunsonga kwa tinyanga. Akatswiri amati maso amenewa saona zambiri, amangosiyanitsa kuwala ndi mdima, ndiye n'kutheka kuti nkhonoyo sidadziwe n'komwe kuti pali munthu wochokera ku Joni amene waigwadira.

M'galimoto ndidamufunsa mlamu maganizo ake pa chida chatsopanochi. Adalingalira kwa kanthawi, akutafuna suku, n'kunena kuti vuto waliona: lenziyi ndi yaifupi. Pali kagalasi kena kolumikiza pakati pa kamera ndi lenzi kamene kamachulukitsa ka 1.4, kuti 600 ikhale 840. Kamadya theka la kuwala ndipo kugwedera kumawonjezeka, koma zimenezo adati n'zazing'ono, agulanso sitandi ya miyendo itatu, yachitsulo, yolemera bwino. Wandiuza kale kuti pa Pasaka ndisapangane ndi munthu.