Shuga Akakwera Mtengo, Khalani Mphaka

Paketi ya shuga ikakwera mtengo, ambiri timathamangira kuimba foni pa wailesi n'kudandaula mpaka mayunitsi atithere. Ine ndabwera ndi njira yotsika mtengo, ndipo mphaka wa pakhomo panu wakhala akuigwiritsa ntchito osakuuzani. Lekani kumva kutsekemera. Lilime likasiya kuzindikira shuga, tiyi wa masupuni anayi ndi tiyi wamadzi okhaokha amalowa pakhosi mofanana, ndipo alendo simuwawerengeranso masupuni ndi diso lakuthwa.

Zimatheka chonchi. Pa lilime pali timaselo tolawa, ndipo kunja kwa timaseloti kuli mapuloteni ogwira ntchito ngati loko. Shuga ndiye kiyi. Kiyi akalowa, selo limatumiza uthenga ku ubongo kuti kunja kuno kwacha. Loko wa kutsekemera ali ndi zidutswa ziwiri, T1R2 ndi T1R3, ndipo chidutswa chilichonse thupi limachipanga potsatira jini yake. Majini amenewa si a kwa sing'anga ayi, ndi malangizo olembedwa mu DNA, amene mumalandira kwa bambo ndi mayi anu popanda kusainira. Mu 2005 ofufuza a ku Monell Chemical Senses Center mumzinda wa Philadelphia anapeza kuti jini ya T1R2 ya mphaka ndi yong'ambika, malembo 247 anasowapo. Loko alibe mbali imodzi. Patapita zaka, anapezanso kuti fisi nayenso jini yomweyi inamufera. Nkhani zonse zoipa za fisi munazimva, koma kuti anaba nzimbe, ayi.

Tsono musathamangire kukanda lilime ndi chipande. Mphaka sanachite kusankha. Polemba DNA ya mwana pamachitika zolakwika mwangozi, ndipo kholo lina la amphaka linabadwa ndi jini yothyoka. Likanakhala nyani wodalira zipatso zakupsa, bwenzi litavutika kusiyanitsa chakupsa ndi chosapsa n'kusiya ana ochepa. Koma linkadya nyama yokhayokha, choncho silinataye kanthu, ndipo chilemacho chinafalikira mtundu wonse. Ndiye chofunika kwa inu n'chochepa: inu, ana anu ndi zidzukulu zanu muzidya nyama yokha kwa zaka mamiliyoni angapo, n'kudikira ngozi yabwino. Ndikudziwa kuti kilo ya nyama imaposa paketi ya shuga. Bajeti imeneyo ndi yanu, ine ndikungopereka sayansi.

Ngati nyamayo ndiyo ikukusowetsani tulo, pitani ku China mukaone panda. Pali kukoma kwina kumene timamva mu msuzi wa nyama, mu tomato wakupsa bwino ndi mu usipa wouma. Kikunae Ikeda wa ku Tokyo anakufufuza mu 1908 m'ndere za m'nyanja zimene Ajapani amaphikira msuzi, anapeza kuti mwini wake ndi glutamate, n'kukutcha umami. Loko wake ndi T1R1 ndi T1R3. Panda ndi mtundu wa chimbalangondo, matumbo ake akadali a chilombo chodya nyama, koma T1R1 yake inafa zaka pafupifupi mamiliyoni anayi zapitazo. Lero amakhala pansi maola oposa khumi patsiku akutafuna nsungwi, nkhope ili phee, ngati munthu amene anasiya kale kufunsa kuti ndiwo n'chiyani. Nsungwi muli nazo kuseri kwa bafa.

Amene akufuna kumaliza zonse kamodzi atsanzire dolphin, nyama ya m'nyanja. Iyeyu anataya kutsekemera, umami ndi kuwawa, chifukwa nsomba amangomeza yathunthu osatafuna. Fungo nalo analisiya pamtunda pamene makolo ake ankabwerera m'madzi. Banja lililonse lili ndi wachibale mmodzi amene wayamba kale maphunziro amenewa, mumamuona pa ukwati mbale yachitatu isanathe kuzizira.

Koma apa ndiyenera kulankhula ngati mkulu. Kuwawa musakutaye. Munthu ali ndi maloko a kuwawa okwana ngati 25, nkhuku ili ndi atatu okha, ndipo ntchito yawo ndi kukuwa kuti poizoni asanafike m'mimba. Aliyense amene analumapo chinangwa chowawa chosaviika akudziwa kuti lilime silinkachita nthabwala, chifukwa chinangwa chotere chimatulutsa cyanide. Chosangalatsa n'chakuti malokowa si ofanana mwa anthu onse. Mu 1931 Arthur Fox, katswiri wa mankhwala ku kampani ya DuPont, anauluzitsa ufa wotchedwa PTC m'chipinda chogwirira ntchito. Mnzake anadandaula kuti ukuwawa, iye osamva kanthu. Jini yochititsa zimenezi, TAS2R38, imamvanso zowawa zina za m'gulu la mpiru ndi kabichi. Choncho mwana wanu wokana mpiru uja mwina ali ndi mlandu womveka. Musamuwerengere ndime ino.

Ndikuchenjezeninso kuti chilengedwe sichisunga pangano. Makolo a mbalame anataya T1R2 kalekale, moti nkhuku shuga siimudziwa bwino. Koma mu 2014 Maude Baldwin ndi anzake anasonyeza kuti timbalame ta ku America totchedwa hummingbird tinatenga loko wa umami n'kumusula mpaka anayamba kutsegulidwa ndi shuga wa m'maluwa. Mukhoza kuvutika zaka mamiliyoni kutseka khomo lakumaso, chidzukulu china chosamva n'kudzalowetsa shuga pa windo.

Vuto lalikulu kwenikweni lili pamwamba pa mlomo. Zambiri zimene timati kukoma ndi fungo lokwera kuchokera kukhosi kupita m'mphuno, n'chifukwa chake chimfine chikakugwirani chambo ndi chigamba cha bulangete zimangofanana. Linda Buck ndi Richard Axel anatulukira majini a maloko a fungo mu 1991, ndipo mu 2004 analandira mphoto ya Nobel. Selo lililonse lomva fungo la m'mphuno limasankha mtundu umodzi wokha wa loko, ndipo fungo limodzi limatsegula maloko angapo, ubongo n'kuwerenga kuti awa akatseguka pamodzi ndiye kuti aneba akukazinga anyezi pomwe inu mwagona ndi madzi. Munthu ali ndi majini a fungo ogwira ntchito pafupifupi 400, ndipo ena ochuluka chimodzimodzi anafa kale. Apa tiziyamike, theka la ntchito makolo athu anatigwirira. Galu ali ndi pafupifupi 800, mbewa ili ndi oposa 1,000. Njovu ya ku Africa, malinga ndi zimene Yoshihito Niimura ndi anzake a ku Tokyo anapeza mu 2014, ili ndi pafupifupi 2,000. Imeneyo musaitsanzire. Munthu wa mphuno yotero sangadutse pa chiwaya cha tchipisi tsiku la malipiro lisanafike.

Ngati mphuno yakana kufa, ipezereni ganyu. Bungwe la APOPO limaphunzitsa abwampini ku Morogoro m'dziko la Tanzania kununkhiza onga wa mabomba okwirira. Ndi opepuka moti akaponda bomba siliphulika, ndipo anathandiza kuyeretsa minda ya ku Mozambique, dziko limene linalengeza mu 2015 kuti lamaliza kuchotsa mabomba onse odziwika. Ena amanunkhiza makhololo kufufuza TB. Salipira lendi, savala yunifomu, ndipo malipiro amalandira pompopompo: nthochi ndi mtedza. Kungoti nthochiyo ndi yotsekemera, ndiye ngati munayamba kale maphunziro a mphaka aja, muwauziretu a bwana kuti anu onse azikupatsani mtedza.