Mpando wa Mizinga

Mphekesera inafika ku Wenya pa lole ya Lachiwiri, pamodzi ndi feteleza ndi fumbi la msewu wa ku Chitipa. Mnyamata wina wokaoda katundu ku Tunduma ananena m'tiyirumu kuti boma likubweretsa pulojekiti yopanga mizinga, ndipo pakufunika woyang'anira. Anamaliza tiyi wake n'kumapita. Dzuwa lisanalowe, majekete atatu amene anavalidwa komaliza pa maliro a chaka chatha anali atayanikidwa pachingwe.

Palibe anafunsa kuti Wenya wayambana ndi ndani. Funso linali limodzi: alawansi ilipo?

Oyamba kudzipereka anali a Hedi, amene choko anasiya kalekale koma dzinalo sanalisiye. Anaima pagolosale, kalata yofunsira ntchito ili m'thumba, ngakhale kopita nayo samakudziwa.

"Adada, ntchito iyi imafuna wodziwa mbiri," anauza mwini golosale. "Kunali mmisiri wina, Orban. Anakapempha ntchito yosula mizinga kwa mfumu ya ku Constantinople, malipiro ake osagwira mtima. Anawolokera kwa Mehmed, mfumu ya Aturuki, nasula chimzinga ku Edirne chimene chinakokedwa ndi ng'ombe 60. Mu 1453 mzinda uja unagwa. Mwaona kuipa komana munthu waluso?"

"Nanga inuyo a Hedi munasulapo chiyani?"

"Woyang'anira sasula, mwana wanga. Amasaina."

Achiwiri anali bambo wina amene anakhalapo mlonda ku Mangochi. Umboni wawo unali chithunzi: ataima pafupi ndi nsanja ya wotchi, dzanja lili pa mfuti ya sitima ya Guendolen, ija inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, mu Ogasiti 1914. Ankati m'mudzi monsemu wokhudzapo mzinga ndi iwo okha. Anawonjeza kuti agogo awo anasenzapo mitengatenga ya nkhondo ku Fort Hill, Chitipa isanatchedwe Chitipa, choncho wonga uli m'magazi mwawo. Mkazi wawo akuti bambowa amathawira m'nyumba mphenzi ikang'anima, koma za m'banja tisazilowerere.

Achitatu sanavutike n'kulongosola. Ndi wapampando wa komiti ya mjigo, ya sukulu, ya maliro ndi ya chitukuko, moti mpando uliwonse watsopano amauona ngati mwana wawo wosochera. Usiku anapita kwa a mfumu atapanira tambala m'khwapa, "kukangowaona".

Wosula wathu, amene amakonza makasu ndi nkhwangwa kuseri kwa msika, ndipo ena amanong'ona kuti gogodela amaidziwa kuyambira kumphuno mpaka kumatako, palibe anamuganizira. Alibe jekete.

Tsiku la msonkhano anthu anadzaza pansi pa mtengo. Pemphero, kenako kulonjera: a mfumu, nduna za a mfumu, oimira a mfumu amene sanabwere, a mipingo mmodzimmodzi. Ola lathunthu linathera pomwepo. Atatu aja anakhala kutsogolo, aliyense akuyang'ana nsapato za mnzake.

Alangizi anamasula bokosi lathabwa pa njinga yamoto, naliika pakati.

"Amayi ndi abambo, uwu ndi mng'oma wamakono wa njuchi."

Kunangoti zii. Mnyamata wa ku Tunduma uja, ali kumbuyo, anakanda mutu. Kumene amakaodako, m'Chiswahili, mzinga ndi mfuti yaikulu, komanso mzinga ndi mng'oma wa njuchi. Iye anangobwera nalo liwulo osalimasula.

Alangizi anapitiriza kuti kuno kufupi ndi Nyika maluwa a miombo ndi ambiri, uchi ungatithandize. Woyang'anira azizungulira ming'oma, azifula nawo usiku, ndipo ntchitoyi ndi yongodzipereka.

A Hedi anakumbukira kuti adokotala anawaletsa kuyenda usiku. A ku Mangochi mwendo unayamba kuwawa pomwepo. Apampando anaimirira nati, mwaulemu wonse, maudindo awachulukira, ndipo nthawi yakwana yopatsa mpata amayi.

Anasankhidwa mayi wina wamasiye amene wakhala akuweta njuchi m'makungwa kwa zaka zambiri. Manja atatu amene anakwera pamwamba kuposa onse pomuvotera mukuwadziwa. Ming'oma ikukhomedwa kuseri kwa msika, kwa wosula uja. Tambala a mfumu sanabweze.