Mlendo ndi kalumo kake

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti wobwera akhoza kumasula zomwe zakanika eni mudzi. Koma mwambiwu unapekedwa kusanabwere WhatsApp. Lero uthenga woti "mayi ndi mwana ali bwino" ukangotuluka, alendo amakhamukira kunyumba, ndipo zakuthwa zomwe amabwera nazo sizioneka ndi maso.

Azakhali afika ndi sopo, matewera komanso "kachifuwa ka fumbi chabe". Vuto lake, chifuwa chokoka mtima kwa munthu wamkulu chimaoneka motero kumene, pamene kwa khanda chimatha kudula mpweya. Katemera wake, uja woteteza matenda asanu pa jakisoni imodzi, mwana amayamba kulandira akakwana masabata 6, kenako 10 ndi 14. Pobadwa amangopatsidwa BCG wa chifuwa chachikulu ndi madontho a poliyo. Masabata oyambirirawo kamunthuko kamakhala kakuyendera chitetezo chobwereka kwa mayi ake. Ndi nthawi yomweyi pamene alamu amakapsompsona patsaya kuti chithunzi chikome pa Facebook, iwo ali ndi kachilonda pamlomo, kaja kamakonda kutuluka munthu akadwala malungo. Kachilombo kake ndi herpes, ndipo mwa khanda kamatha kukafika mpaka ku ubongo. Chithunzicho chimakomadi, sitikana.

Agogo athu sanaonepo bakiteriya, koma anali ndi chikuta. Mayi ndi khanda ankabindikira m'nyumba mpaka mchombo utagwa, ndipo ngakhale mwini mwana weniweni ankangomva kulira ali panja. Ankati akuopa anthu "otentha". Ife ophunzira tinaseka, chikuta tinachitaya, n'kutsegulira chitseko munthu amene wangotsika m'minibasi momwe aliyense amatsokomolera pakhosi pa mnzake. Wotentha kuposa ameneyu ndani?

Pena agogowo ankaphonya, tisawabisire. Kalumo kogwiritsa kale ntchito kodulira mchombo, ndi ndowe kapena dothi lopaka pabala, ndiyo inali njira ya kafumbata, chifukwa bakiteriya wake amakhala m'dothi ndi m'ndowe momwemo. Mwana amasiya kuyamwa, nsagwada n'kuuma. N'chifukwa chake amayi oyembekezera amabayidwa katemera wa kafumbata kusikelo, ndipo pamchombo azaumoyo amalola chlorhexidine, osati zosakaniza za apongozi.

Koma chakuthwa kwambiri chomwe mlendo wamakono amanyamula ndi malangizo. Aliyense amene anaberekapo ndi dokotala, amene sanaberekepo ndi pulofesa. Khanda la masabata awiri likatentha thupi kufika madigiri 38, wina adzanena motsimikiza kuti ndi mano akumera. Mano pa masabata awiri? Wina adzati lipatseni theka la Panado, tione mawa. Pa msinkhu umenewo kutentha thupi si koonera mawa. Berekani mwana mupite kuchipatala, madokotala a pamphasawo atsale akumaliza tiyi.