Tebulo la a Kapitawo

Pa Khonjeni munthu sagula chinthu yekha. Ndalama ndi zako, inde, koma nzeru za komwe ukanagula, mtengo umene ukanalipira ndi momwe wogulitsa wakupusitsira, zimenezo ndi za tonse, ndipo timapereka ulere. Ndiye mbiri itamveka kuti a Kapitawo, aja anapuma ntchito ku esiteti n'kutsegula bala kufupi ndi siteshoni, agula tebulo la pulu, tinasiya zochita zathu kuti tikathandize kuyang'ana.

Chimene chinkawadya mumtima a Kapitawo aliyense ankachidziwa. Tsidya la msewu kuli mnyamata wina, mwana wa dzulodzuloli, amene anaika katebulo ka pulu pakhonde la golosale yake. Kuyambira m'mawa mpaka usiku kumangomveka kho! kho!, anyamata a kabaza ataimika njinga, aliyense tokeni ili m'manja. Munthu amene kwa zaka zambiri ankaima pasikelo, othyola tiyi n'kumamuvulira chipewa, sangapirire kuona makasitomala akumudutsa ndi moni wokha. Tsono alamu awo atabwera ndi nkhani yoti m'nyumba ina ya mamanijala akutulutsa katundu wakale, ndipo muli tebulo limene ankasewererapo azungu enieni, a Kapitawo anafunsa funso limodzi lokha: "Alamu, kodi ndi lalikulu kuposa ka mwana uja?" Atamva kuti ka mwanayo kangalowemo kawiri malo n'kutsala, analipira asanalione.

Linabwera pa lole lili zidutswazidutswa. Panatsika miyendo 8 yonenepa, matabwa olemera a m'mbali, nsalu yobiriwira yokulungidwa, kenako miyala 5 yaphanthiphanthi ya sileti, imene pamodzi ndi matabwawo imapitirira tani imodzi. Onyamula mwala uliwonse anali anthu 6. Olamula kanyamulidwe anali msika wonse. "Kwezani kumanzere!" "Ayi, tsitsani!" Mkulu wina amene sananyamulepo ngakhale thumba la feteleza anavula jekete, n'kulipachika paphewa, kuti alamule bwino.

Apa m'pamene zinadziwika kuti palibe anayeza chipinda. Tebulolo ndi lotalika ngati lata la mafiti 12, m'lifupi mafiti 6, ndipo kuti munthu akoke ndodo osagunda khoma pamafunika chipinda cha mafiti 22 m'litali ndi 16 m'lifupi. Bala ya a Kapitawo, ukachotsa kauntala ndi makireti, imakwana mabenchi atatu. Panakhala msonkhano wa chiimirire. Ena anati agwetse khoma. Mwini nyumba, amene anali m'gulu la olamula aja, anavala jekete lake msanga n'kunena kuti khoma likagwa lendi ikwera, popeza nyumba ikhala yakula. Mapeto ake anamanga chisakasa kuseri, pamene mayi a kunyumba kwa a Kapitawo ankayanikapo ufa.

Pagulupo panali nkhalamba imodzi imene inkadziwa chinthucho. Madalawa anagwira ntchito yoperekera zakumwa ku kalabu ya azungu, ndipo manja awo anasita nsalu ya tebulo lotere kambirimbiri. Anasisita mwalawo, nasuzumira m'bokosi la mipira, n'kunena motsitsa mawu: "Bwana, ili si la pulu. Ili ndi la sinuka."

Anafotokoza bwinobwino. Sinuka imaseweredwa ndi mipira 22: yofiira 15, yamitundumitundu 6 ndi woyera umodzi. Umagwetsa wofiira, kenako wamtundu, wamtunduwo n'kuutulutsanso kuubwezera pamalo pake, mpaka yofiira yonse ithe. Anaiyambitsa ndi asilikali a ku Britain ali ku Jabalpur, m'dziko la India, cha mu 1875, anthu amene ankasowa chochita ndi madzulo awo, ndipo inafalikira m'makalabu kulikonse kumene Angerezi ankalamulira, ndi kuno komwe. Mabowo ake ndi opapatiza, milomo yake yozungulira, dala, kuti mpira uzikana kulowa. Nsalu yake ndi yaubweya wogonera mbali imodzi, ndipo imapesedwa ndi kusitidwa molowera komweko. Ndikuganiza kuti madalawa ananena chinthu chachikulu kuposa momwe tinachimvera: tebuloli analipangira anthu amene nthawi inkawachulukira, chifukwa ntchito yawo ankawagwirira ndi ena. Makolo athu ankapita ku thangata kuti bwana apeze mpata wozungulira tebulo, ataika dzanja pachibwano, kuganizira mpira umodzi.

Koma madalawo anabwera atavala nkhwaila ndi malaya ong'ambika pakolala, choncho nzeru zawo tinaziyeza ndi malayawo. "Agogo, zimenezo ndi zakale," anatero mchimwene wina amene anakhalako ku Joni, ndipo chibwerereni salankhula chiganizo chopanda Johannesburg. "Tebulo ndi tebulo. Kungosintha mipira basi. Ku Joni timatero." A Kapitawo anawagulira madalawo Chibuku kuti akhale chete, ndipo anakhaladi chete, mwaulemu, pampando woonera bwino.

Ntchito yosandutsa sinuka kukhala pulu inaperekedwa kwa amisiri athu, amene amakhoma mabedi, zitseko ndi mabokosi a maliro, ndipo chibadwire sanayankhepo kuti sindingathe. "Palibe vuto, bwana. Izi ndi zazing'ono." Levulo yawo inali itabwerekedwa ku maliro a chaka chatha, choncho anayeza miyala ija ndi mbale ya madzi. Pamene miyala ikumana anamatapo ndi phula losakaniza ndi chikhulupiriro. Kunsi kwa miyendo kunalowa zitsekerero za mabotolo, makatoni ndi chidutswa cha tayala.

Mchimwene wa ku Joni anatumidwa ku Limbe kukagula mipira, ndipo pofuna kuti asachititse manyazi tebulo lalikulu, anasankha ikuluikulu, ya pulu ya ku America. Mpira wa sinuka ndi wa mamilimita 52.5, pamene wa ku Americawo ndi wa mamilimita 57. Kusiyanako ndi kochepa m'maso, koma pakamwa pa bowo kumaoneka. Mpira umafika, n'kugwedezeka uku ndi uku, n'kubwerera. Labala wa m'mbali nayenso anamuika poyezera mpira waung'ono, ndiye waukulu ukamugunda mwamphamvu umadumpha. Tsiku loyesa, nambala 9 inauluka n'kukagwera mu ufa wa mayi, umene tsopano unkayanikidwa pambali pa chisakasa. Amisiri anati vuto ndi mabowo, natenga tchizulo. Madala aja anatembenuzira nkhope kunjanji.

Funso lenileni anafunsa ndi mayi a kunyumba, ataima pakhomo, manja ali m'chiuno. "Bambo, nanga tokeni azilowetsa pati?"

Kunali zii. Katebulo ka mwana uja kali ndi kabati m'mimba mwake. Mpira ukalowa m'bowo umatsetsereka n'kukatsekeredwa, ndipo sutuluka mpaka wina alipire. Woyera wokha ndi umene umabwerera, chifukwa pa matebulo ambiri otere amaupanga wocheperako kuti udutse njira yakeyake. Katebuloko sikadziwa mlamu, sikadziwa mpongozi, sikamva zoti ndilipira pa malipiro. La a Kapitawo lili ndi timaukonde m'mabowo, moti aliyense angopisa dzanja n'kutulutsa mpira. Kwa azungu zinalibe kanthu, popeza ankalipira umembala wa kalabu, osati gemu.

Anagwirizana kuti mwana wa mlongo wa a Kapitawo, amene analemba Fomu 4 ndipo akudikira mwayi, akhale iyeyo kabati. Anamupatsa chidebe chosungiramo mipira ndi kope lolembamo ndalama. Koma mnyamata wolera bwino angakanize bwanji mipira kwa bambo ake aang'ono? Angauze bwanji a mfumu kuti ayambe alipira? Aphunzitsi anabweretsa choko cha kusukulu chopaka kunsonga ya ndodo, n'kunena kuti chimenecho ndiye chopereka chawo cha teremu yonse. Sabata isanathe, kope linali ndi mayina ambiri kuposa kaundula wa mudzi, ndipo chidebe chinali ndi ndalama zokwana phava la nthochi. "Malume, onsewa akuti ndi abale athu," anadandaula mnyamatayo. A Kapitawo anayang'ana mayinawo mmodzimmodzi, napeza kuti ndi zoona.

Gemu yoyamba inatsegulidwa ndi pemphero. Kenako zinaoneka kuti ife anthu a kuno Mulungu sanatipatse msinkhu wa tebulo la mafiti 12. Mpira ukaima pakati, wosewera amagona chafufumimba pansalu, miyendo ili m'mwamba. Madala aja anakumbutsa kuti lamulo limati phazi limodzi likhale pansi, ndipo pali ndodo zazitali zamphanda zothandizira kufikira patali. Titafufuza tinamva kuti ndodozo zinatsala ku esiteti, akuthyolera mapapaya. Choncho tinapanga lamulo lathu: wokwera patebulo avule nsapato. Tinapezanso kuti mpira uliwonse woponyedwa mofatsa umakhotera kukona ya kunjanji. Amisiri anati tebulo lili bwino, chopendekeka ndi Khonjeni. Anyamata sanachedwe kuphunzira, moti amene wapeza mbali ya kunjanji amayamba kusekerera asanagwire ndodo.

Koma chimene chinapha malonda ndi nthawi. Pa katebulo ka tsidya lija gemu imatha msanga, woluza n'kukhala pansi, wina n'kulowetsa tokeni. Pa la a Kapitawo anthu awiri ankathamangitsa mpira wakuda kuchokera pamene wailesi ikuyamba nkhani za madzulo mpaka ana atagona. Odikira ankatopa n'kuwoloka msewu kuti akasewereko kaye kwa mwana uja, n'kumabwerera kudzaona ngati wakuda walowa. Mayi anawerengera ndi zala n'kuuza amuna awo kuti chibwerereni tebuloli, amene walemera ndi mwini golosale.

Panakhalanso msonkhano, uno wokhala pansi. Mchimwene wa ku Joni anati tebulolo lidulidwe pakati, patuluke awiri, phindu liwirikize. Anthu anaomba m'manja. Amisiri anati palibe vuto. Aphunzitsi, pofuna kulipirira choko chawo kachiwiri, anafunsa kuti miyala 5 igawidwa bwanji pawiri, ndipo macheka akadutsa pakati penipeni, mabowo awiri apakatiwo adzakhala a tebulo liti. Anawonjeza kuti chidutswa chilichonse chidzakhala mafiti 6 mbali zonse, chinthu chimene sichinaonekepo pa dziko lapansi. Wina anati ndiye bwino, tidzakhala oyamba. Mkanganowo unafika usiku, ndipo a Kapitawo, monga mwini nkhani, anagulira onse zakumwa. Anautseka ndi mawu akuti tebulo la azungu silidulidwa iwo ali moyo, chifukwa anthu ochokera ku Luchenza ndi ku Sandama amatsika pano kudzangoliona.

Zimenezo n'zoona. Amabwera, amalizungulira, amagogoda mwendo ndi chala, n'kunena kuti mitengo yotere siipezekanso. Sagula kanthu.

Amene anapeza ntchito ya tebulolo ndi amayi a banki nkhonde. Anazindikira kuti anthu 20 amakwana kulizungulira onse akuonana m'manja, ndalama zimaoneka bwino pansalu yobiriwira, ndipo zachitsulo sizigwa pansi chifukwa labala amazibweza. Bowo lililonse lili ndi ntchito yake: ili la zindapusa za ochedwa, ilo la thumba la maliro. Amalipira mayi a kunyumba tsiku lomwelo, ndalama m'manja, ndipo a Kapitawo saloledwa kufika pafupi mpaka atatseka mabuku. Loweruka pamakhala komiti ya ukwati. Madala aja ndiwo amapesa nsalu misonkhano ikatha, molowera mbali imodzi, ndipo mayi amawapatsa kangachepe.

Pulu imaseweredwabe Lamlungu masana, kwa amene alibe kothamangira. Dzulo alamu a a Kapitawo anaoneka tsidya la msewu akumwa Fanta yosalipira, mwana wa golosale uja atawakokera pakona. Amene anali pafupi akuti anamumva akufunsa ngati ku esiteti kuja kwatsalako lina, makamaka lokulirapo pang'ono.