Kalata yochokera ku Joni: mitala ya bambo Now

Diepsloot, Johannesburg

Wokondedwa mphwanga,

 Ine kuno ndilipo, kungoti chisanu cha Juni chatikhaulitsa. Anzanga amandiseka kuti munthu wa ku Tsangano akunjenjemera bwanji, osadziwa kuti kwathu nkhuni n'zotola, pomwe kuno ngakhale moto uli ndi mtengo wake.

Ndamva kuti mbatatesi yayenda bwino ku Biriwiri, ndipo ndalamayo ukufuna udulire tikiti yobwerera kuno. Sindikuletsa. Njira umaitchula kale ngati unaiyendapo: Tete, kuwoloka Zambezi, Cuchamano, Nyamapanda, Harare, Beitbridge mpaka Park Station. Chimene chandigwiritsa cholembera ndi Chingerezi chako. Ife tinaphunzira Chipwitikizi kusukulu, Chingerezi tinachita kutola pamsika wa m'malire ndi pa wailesi za ku Malawi, ndiye iwe umadziwa kuti "now" ndiye tsopano, "agora". Ku Ntcheu zimenezo n'zoona. Kuno Now ndi bambo wamitala, ali ndi nyumba zitatu, ndipo nyumba iliyonse ili ndi malamulo ake.

Kunyumba yaikulu kuli "now" yekha, nthawi zina "right now". Ameneyu savuta kumumva. Amachokera m'kamwa mwa bwana kubwera kwa iwe, ndipo njira yake ndi imodzi yomweyo. Adona akati galimoto itsukidwe "now", ika pansi kapu ya tiyi ngakhale buledi ali kukhosi. Koma iwe usadzayerekeze kuuza bwana kuti malipiro ukuwafuna "now". Adzakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ndipo nsapatozo n'zimene anakupatsa yekha.

Nyumba yachiwiri ndi "now-now". Apa m'pamene wakwathu amagwa, chifukwa ife tikabwereza mawu timakhala tikuwonjezera liwiro: msangamsanga, pompanopompano. Kuno kubwereza n'kuchepetsa moto. "Now-now" ndiye kuti ndakumva, koma ndiyambe ndamaliza zanga. Akhoza kukhala mphindi khumi, akhoza kukhala ola. Woyendetsa tekisi (chapa yathu ija kuno amaitcha tekisi) akati tinyamuka "now-now", werenga mipando yopanda anthu, ndiyo wotchi yake. Izi sizikudabwitsa, ndi momwenso zimakhalira pokwerera ku Ulongwe.

Tsono khala bwino ndikuuze za nyumba yachitatu, ya "just now". Mzungu wa ku London akanena zimenezi amatanthauza kanthu kamene kangochitika kumene. Wa kuno amaloza nako kutsogolo, koma osanena kuti kutsogolo kwake n'kuti: madzulo ano, mawa, Loweruka, kapena tsiku limene iyeyo ndi chikumbumtima chake adzakumane. Akuti zonsezi anabwereka ku Afrikaans, chilankhulo cha Mabunu, mmene muli "nou-nou" ndi "netnou", n'kungozivalika malaya a Chingerezi.

Mlamu wathu wa ku Furancungo uja anaphunzira phunziro limeneli ali chiimire. Anapeza ganyu yoponda matope pa nyumba ina yomangidwa ku Fourways. Lachisanu masana kapitawo anamuuza kuti "I'll pay you just now". Mlamu anasamba m'manja, anavala shati yake yakutchalitchi, n'kukaima pageti. Anzake onse anapita. Dzuwa linalowa. Mlonda wausiku anafika n'kumugawira mpando, galu wa pamalopo anasiya kumuuwa n'kuyamba kumugonera paphazi. Ndalama anailandira Lachiwiri. Atabwera kudzandidandaulira anati iye ndi mlimi wa fodya, kudikira amakudziwa, amafesa nazale mvula isanagwe n'kudzaona ndalama dzinja litapita, koma fodyayo umamuona akukula. "Just now" sakula, samera, sapanga tsamba. Mpaka lero akadutsa pamalopo galu uja amamulonjera.

Ine ndaona kuti mawu atatuwa sayeza nthawi ayi. Amayeza mipando. Amene ali pamwamba amapereka "now" pofuna ntchito, n'kusunga "just now" wa tsiku lolipira. Ukafuna kudziwa pamene waima kuno ku Joni, werenga ma "now" amene ukulandira ndi ma "just now" amene ukupereka. Chaka chino adona alemba mnyamata wa ku Mangochi kuti azindithandiza m'dimba la maluwa, ndipo tsiku lina atandipempha kuti ndimuonetse kayatsidwe ka makina otchetchera kapinga, ndinangomva pakamwa panga payankha pokha: "just now". Mphwanga, mawuwa amakoma ukakhala kuti ukuwanena ndiwe. Ndinayenda tsiku lonse chifuwa chili patsogolo.

Usaganize kuti ndi azungu okha. Mzulu ali ndi "manje", ndipo akati "manje manje" usathamangire kumanga nsapato. Pamenepa ndimakumbukira zimene ankatiuza agogo, kuti ife Angoni kwathu kwenikweni n'kuno kummwera. A Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa, ndipo a Maseko, makolo athu, anayenda ulendo wawo mpaka kudzakhazikika ku Domwe. Ine sindikayika kuti ponyamuka anatsanzika anansi awo kuti tibwera "just now". Ndiye taona, zaka pafupifupi 200 zapita, ndi ife tikutsika basi pa Park Station ndi zikwama zathu. Lonjezo lasungidwa. Chodabwitsa n'chakuti eni mudzi satikumbukira, akungotifunsa mapepala.

Ukauzidwa mawu aliwonse mwa atatuwa, yankho ndi limodzi: "sharp". Silikhudzana ndi mpeni. Ndi moni, ndi zikomo, ndi ndamva, ndi tsalani bwino, ndipo ukalibwereza kawiri n'kukweza chala chachikulu wamaliza kalasi yoyamba. Likhoza kukufikitsa mwezi wathunthu osadziwika kuti ndiwe mlendo. Lina ndi "shame". Adona ataona chithunzi cha mwana wanga wamng'ono anati "ag shame", ndipo uwauze amayi asakwiye, kuno n'kuyamikira kuti mwana ndi wokongola.

Ndikudziwa kuti pamene ukuwerenga mokweza, malume ali pakhonde akuseka azungu. Uwafunse kuti chija amati "ndili m'njira" ali m'bafa ndi sopo kumaso n'chilankhulo chanji, nanga "já venho" wa kalaliki amene wasiya jekete pampando n'kusowa mpaka masana anamuphunzira ku Joni kodi.

Ndalama ya feteleza nditumiza pa Mukuru pa 30 mwezi uno, ndalemba manambala dala kuti pasakhale womasulira. Theka ndi la munda wa amayi, usasakanize ndi za tikiti yako. Pobwera unditengereko nyemba ndi ufa woyera wa kumtondo, chifukwa wa m'sitolo kuno nsima yake sikhalitsa m'mimba. Utenge jekete yokhuthala, pasipoti ikhale m'thumba lamkati, ndipo nambala yanga uilembe papepala, foni imatha moto pa Beitbridge. Ukatsika pa Park Station usapatse chikwama munthu aliyense wokutcha "my brother". Abale ako kuno ndine ndi mlamu basi.

Upereke moni kwa amayi, malume ndi onse a kumpingo.

Ndine mkulu wako.